Tsiku Limene Malamulo Anga Anandisiya Padenga

Anzanga akaona mitambo ikuda cha kuphiri la Domwe amathamangira kukaanula ufa kapena kukamasula mbuzi. Ine msana umayamba kundiyabwa. Nkhani yake ana anga amaidziwa mwa theka, chifukwa ndikamawafotokozera ndimadumpha za buluku. Lero sindidumpha kanthu.

Zinachitika zaka zija nkhondo itayamba kumveka kuno ku Angonia, Apwitikizi akadali eni mphamvu. Ndinkagwira ntchito pa sukulu ina ya mishoni yosula aphunzitsi, ndipo yanga inali kuyang'anira nyumba: madenga, zitseko, mazenera, ngalande, ngakhale zimbudzi. Ankanditcha a Kapitawo, ngakhale gulu lonse limene ndinkalilamulira linali munthu mmodzi yekha. Munthuyo anali a Maseko, Mngoni wamtali wa msinkhu wa bambo anga, wosakonda kuwononga mawu. Iwo ndiwo ankasunga mfungulo za alimazeni, chipinda chimene tinkaikamo zida.

Dzinja lapitalo tinali titaona zakuda. Mphepo inasasula denga la chipinda china chophunziriramo, lata n'kutema wophunzira pamwendo. Tsiku lomwelo ana oyendera anatsala pang'ono kukokoloka pamtsinje chifukwa anawaweruka madzi atadzaza kale. A Diretori, mkulu wa sukuluyo, Padiri wa Chipwitikizi amene ankalankhula Chinyanja ngati akutafuna mbatata yotentha, anandiitana.

"Kapitawo, ine sindifuna maliro pano. Konza dongosolo."

Munthu wachinyamata mukamuuza kuti akonze dongosolo, mwamupatsa mowa. Ndinapachika chitsulo chakale cha gudumu la kamiyawo, ndiyo lole, pamtengo wa mkungudza, pakati pa bwalo. Ndinalengeza kuti chitsulocho chikalira, maphunziro atha. Oyendera athamangire kwawo mtsinje usanadzaze. Ogonera pompo, aphunzitsi ndi antchito onse alowe m'chipinda chodyera, chimene denga lake linali la mapale olemera, ndipo chitseko achipiringidze. Asatsegulire munthu aliyense, ngakhale atamva mawu a mayi awo, mpaka chitsulo chiliridwenso ndi dzanja langa, mwa kaimbidwe kanga. Ndinaonjezanso kuti ali m'katimo aziimba nyimbo zachipembedzo mokweza kuti amantha asamve mabingu. (Lamulo limeneli ndinkalinyadira kuposa onse. Likumbukireni.)

Panalinso la makwerero. Wophunzira wina anawapeza atatsamira khoma, n'kukwera nawo kukaba mapichesi a a Padiri, anagwa n'kuthyoka mkono. Amene anawasiya pamenepo anali a Maseko, atangopita kukamwa madzi. Ndinawakalipira pamaso pa ophunzira.

"A Maseko, kuyambira lero mukapeza makwerero ataima paliponse, nyamulani mukatsekere. Musafunse kuti ndi a yani, musafunse kuti akutani. Mwamva?"

"Ndisafunse," anatero iwo.

"Musafunse!"

"Ndamva, a Kapitawo."

Dongosolo langa ndinaliyesa koyamba mvula zitangoyamba. Kunachita mdima, ndinaimba chitsulo, sukulu yonse inabalalika. Kunagwa timadontho tosakwana kunyowetsa nkhuku, dzuwa n'kutuluka likuseka. Aphunzitsi anandinena sabata yathunthu. Wina ankati akandiona amayang'ana kumwamba n'kufunsa, "A Kapitawo, kodi lero tiphunzitse, kapena kwadutsa khwangwala?"

Ndiye tsiku la tsokalo litafika, mtima wanga unali pawiri. A Diretori anali atapita ku Vila Coutinho pa njinga yamoto, ndipo wolamula za kutseka sukulu ndinali ine. Kuyambira m'mawa kunatentha modabwitsa, kutentha kosayenera kuno kumtunda. Dzuwa litapendeka, mitambo inayamba kuunjikana kuphiri, yakuda bii, pansi pake yobiriwirako. Ndinapita pachitsulo, n'kubwerera. Ndinapitanso, n'kugwira mtengo woimbira, n'kuusiya. Ndikaimba mvula osabwera, ndisanduka choseketsa mpaka Khirisimasi. Ndikapanda kuimba mwana wina n'kupita ndi madzi, ndidzawauza chiyani amake? Ndinayang'ananso kuphiri. Kenaka kamphepo kozizira kanandiwomba m'khosi, nkhuku za kukhitchini n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Ndinatseka maso n'kuimba.

Abale, zinayenda bwino! Oyendera anatuluka pachipata ali liwiro. Ogonera anandanda awiriawiri kulowera kodyera, aphunzitsi pambuyo. Ndinaima pakati pa bwalo manja m'chiuno, ndikudzimva ngati bwanamkubwa. Ndinangotsala ine ndi a Maseko, amene ankazungulira kutseka mazenera.

Pamenepo ndi pamene ndinamva phokoso: kwe, kwe, phaa! Lata lina padenga la nyumba yogona anyamata linali kutukuka ndi mphepo. Ndinalidziwa. A Diretori anali atandiuza kale kuti ndilikhomere, ine n'kumati mawa. Lata limodzi likatukuka, mphepo imalowa pansi n'kunyamula onse. Ndinaona m'maganizo mwanga denga lonse likuuluka, mabulangete a ana ali m'matope, a Diretori akundifunsa kuti misomali anandipatsa ija ndinadyera ndiwo.

Alimazeni inali isanatsekedwe. Ndinatenga makwerero, nyundo ndi misomali, osauza munthu. (Inde, ndinali nditalamula kuti chitsulo chikalira aliyense akhale m'nyumba. Koma ndinkaona ngati mwini lamulo si aliyense.) Ndinaimika makwerero kumbali ya bwalo, ndinakwera, n'kudutsa pamsana pa denga kutsikira mbali inayo kumene kunali phokoso. Malata onse ankanjenjemera, ndipo fumbi linkandilowa m'maso. Ndinakhoma pamene ndinaganiza kuti m'pomwepo, mofulumira, misomali ina n'kuisiya itangolowa theka. Dontho loyamba linandimenya pakhosi, lalikulu ngati nyemba. Ndinakwawa kubwerera pamsana pa denga, ndinatembenuka, n'kutsitsa mwendo kufufuza makwerero.

Mwendo unangopalasa mphepo.

Ndinasuzumira. Kutsidya kwa bwalo, a Maseko anali kulowa m'alimazeni, makwerero ali paphewa, chiguduli atafunda kumutu.

"A Maseko! A Masekooo!"

Mphepo inatenga mawu anga n'kupita nawo ku Malawi. Ndinawaona akutseka, akuyesa loko ngati wagwira, akuyenda mosathamanga kupita kodyera. Chitseko, chimene anali asanachipiringidze, chinatseguka, chinawameza, n'kutsekeka. Posakhalitsa nyimbo inayamba, yamphamvu, mawu anayi, monga momwe ndinawaphunzitsira.

Nyumba imeneyo anaimanga pachitunda. Kumbali ya bwalo kutalika kwake kunali kwa anthu atatu osanjikizana, pansi pali ngalande ya miyala imene ndinayala ndekha. Mbali inayo kunali kotalikirapo, ndipo kunali khonje wobzala mondondozana, minga ili m'mwamba ngati mikondo. (Khonjeyo anabzalitsa ndine, kuti anyamata asamatulukire pazenera.) Ndinakuwa mpaka kukhosi kunauma. Ndinamenya malata ndi nyundo, koma malata onse a pasukulupo anali akulira kale okha.

Kenaka kunang'anima, bingu n'kuphulika nthawi yomweyo, mano anga n'kuluma lilime. Ndinakumbukira zimene ndinkaphunzitsa ana: mphezi imakonda chinthu chotalika ndi chitsulo. Ndinayang'ana uku ndi uku. Chinthu chotalika pa sukulu yonse ndinali ine, nditakhala pachitsulo, chitsulo china chili m'manja. Nyundo ija ndinaiponya kutali ngati njoka. Ndinamva galasi likuti phwaa, ndipo ndinadziwa kuti lapita ndi zenera la ofesi ya a Diretori, koma nthawi yolira zenera panalibe.

Matalala anayamba. Amene simunagwidwepo ndi matalala a kuno muli padenga la malata, musafune. Amakumenya kuchokera kumwamba, ena n'kunjanja palata kudzakumenya kuchokera pansi. Ndinagona chafufumimba nditakumbatira msana wa denga, ndikupemphera mosakaniza Chinyanja, Chipwitikizi ndi Chilatini chimene sindinkachidziwa tanthauzo. Ndinkaganiza za mkazi wanga, amene anali ndi pakati, kuti adzamuuza bwanji mwanayo za imfa ya bambo ake. Anafera kunkhondo? Ayi mwanawe, anafera padenga, makwerero ali otsekeredwa bwinobwino.

Matalala atayamba kuchepa, ndinamva kulira kwa galimoto kumsewu wodutsa kunsi kwa sukulu. Mtima unati myaa. Ndinavula kamisa yanga, ndiyo shati, imene mwatsoka inali yofiira, ndinagwada pamsana pa denga n'kuyamba kuikupiza ndi mphamvu zanga zonse. Mphepo inkanditembenuza, moti nthawi zambiri ndinkakupizira kuphiri osati kumsewu. Galimoto inaima. Inabwerera chafutambuyo, n'kukhotera njira ya kusukulu. Ndinayamika Mulungu mokweza.

Itatulukira pamikungudza, kuyamika kunathera pakamwa. Inali kamiyawo ya asilikali.

Achinyamata a lero simungamvetse. Masiku amenewo anyamata a m'tchire, olimbana ndi Apwitikizi aja, ankamveka kuti amadutsa m'mapiri omwewo, ndipo munthu ankatengedwa chifukwa chongosonkha moto pamalo okwera kapena kuyanika nsalu pamwala. Ena ankabwerako atasintha mayendedwe, ena sankabwerako. Tsono taganizani zimene asilikaliwo anaona: sukulu yonse zii, popanda ngakhale galu, ndipo pamwamba pa nyumba yaitali pali mwamuna wosavala malaya akukupiza nsalu yofiira kuloza kuphiri.

Analumpha m'kamiyawo n'kumwazikana, ena kuseri kwa mitengo, ena chogona m'matope. Mifuti yonse inaloza kwa ine. Ndinakweza manja, ndipo kamisa ija inakwera nawo n'kumapepeluka bwino kuposa kale. Ndinaitaya msanga.

Mkulu wawo, sarijento wamfupi wa ndevu zonyowa, anakuwa mwa Chipwitikizi. Pambali pake panali sipayo, wapolisi wachikuda, amene ankamasulira.

"Akuti tsika!"

"Sindingathe, achimwene!"

"Akuti umakodola ndani?"

"Aliyense!"

Sipayo anandiyang'ana ngati akundimvera chisoni. "Iwe, ndimasulire zimenezo?"

Ndinaona kuti ndi bwino ndidzilankhulire ndekha, poti Chipwitikizi ndinkachidziwa ndithu. Ndinafuna kunena kuti ndikufuna esikada, ndiwo makwerero. Koma nsagwada zinali kunjenjemera ndi kuzizira ndi mantha, ndipo chimene chinatuluka chinali esipada, ndilo lupanga. Ndinakuwa kawiri konse, mwaulemu wonse, kuti bwana, chonde, ndipatseni lupanga.

Ndinamva mifuti ikuti khetye, khetye.

"Makwerero!" ndinalira m'Chinyanja. "Achimwene, auzeni makwerero! Ali m'alimazeni, mfungulo ili ndi a Maseko, a Maseko ali kodyera!"

Sarijento anatuma asilikali awiri ndi sipayo uja kodyera. Ndili padengapo ndinkaona zonse. Anagogoda, nyimbo inapitirira. Anamenya chitseko ndi matako a mifuti, nyimbo inakwera. Sipayo anapita pazenera n'kukuwa kuti atsegule m'dzina la boma. Patapita kanthawi ndinamva mawu a a Maseko, odekha ngati akuyankha moni.

"Sititsegula. Chitsulo sichinalire."

Apa mantha anga anasintha mtundu. Sindinkaopanso za ine ndekha. M'chipindamo munali ana a eni ake odzaza, ndipo panja panali anyamata a mifuti onyowa, otopa, amene ankakhulupirira kuti m'katimo mwabisala adani. Mmodzi akanangothyola chitseko, wina n'kudzidzimuka chala chili pamfuti, bwenzi lero tikunena zina. Ndipo aliyense mwa ana amenewo anali m'menemo pomvera ine.

"Chitsulo chili apo pamtengo!" ndinakuwa. "Imbani, atsegula!"

Msilikali wina anathamanga n'kuchimenya, nge nge nge nge, ngati akuthamangitsa mbalame m'munda. Nyimbo inaima. Tonse tinadikira.

"Kaimbidwe ako si ka a Kapitawo," anatero a Maseko. Nyimbo inayambiranso pa ndime yachiwiri.

Sarijento anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. Anayang'ana chitseko, anayang'ana ine, kenaka analamula woyendetsa kuti abweze kamiyawo mpaka pansi pa denga. Kumbuyo kwake kunali lona womangidwa pazitsulo. Sipayo anati ndidziponye pamenepo, ndipo ndikachedwa andithandiza kutsika mwa njira ina.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kutsetsereka pamalata onyowa, pang'onopang'ono poyamba, kenaka mosafunsidwa maganizo. Ndili pafupi ndi m'mphepete, msomali wina wotukuka unakola buluku langa kumbuyo. Ndinaima mwadzidzidzi, miyendo ili lendelende m'malere. Ndinamva nsalu ikulankhula, pwe, pwe, pwerere, kuchokera m'chiuno mpaka kuseri kwa bondo. Kenaka msomali unatsala ndi gawo lake, ine n'kupitirira ndi langa. Ndinagwera palona, lona anali atasunga chithaphwi cha madzi ndi matalala, ndipo zonsezo zinakhuthukira msilikali amene anatsalira m'kati kulondera katundu.

Ananditsitsa, n'kundiyendetsa kupita pamkungudza, msilikali uku, msilikali uku. Dzanja limodzi linagwira zotsala za buluku, linalo linatenga mtengo woimbira. Ndinaimba kaimbidwe kanga, ndikuopa kuti a Maseko akakananso.

Chitseko chinatseguka. Ndipo poti ndinawaphunzitsa bwino, sanatuluke mothamanga kuti mwina ena asandione. Anatuluka awiriawiri, mwadongosolo, atsikana patsogolo, n'kudzandanda pabwalo pamalo pamene ndinalamula kuti azindanda, kutsogolo kwa chitsulo. Sukulu yonse inaima chete kuyang'ana Kapitawo wawo, wopanda malaya, msana uli madonthomadontho ngati nkhanga, akuyesetsa kuti kumbuyo kwake kuloze kumtengo. Palibe anaseka, chifukwa cha mifuti. Kusaseka kumeneko kunandipweteka kuposa kuseka.

Sarijento sanakhutire. Anati munthu ameneyu apita naye kuposito akafotokoze bwino. Kuposito kunali ku ofesi ya boma, kumene ankapita nawo anthu otengedwa aja. Mphunzitsi wamkulu, yemwe uja wa khwangwala, anapita patsogolo n'kuyamba kufotokoza mwa Chipwitikizi chosalala za mphepo ya chaka chatha ndi dongosolo la sukulu. (Ndinamukhululukira zonse tsiku limenelo.) Sarijento anafuna kuona makwererowo ndi maso ake. A Maseko anatsogolera, anatsegula alimazeni, ndipo makwerero anali gone pamalo pake, akudontha madzi.

"Akuti anachotsa makwererowa ndani?" anafunsa sipayo.

"Ndine," anatero a Maseko.

"Akuti simunadziwe kuti pamwamba pali munthu?"

"Sindinafunse."

"Chifukwa?"

"Lamulo limati ndisafunse."

"Akuti anaika lamulo lopusalo ndani?"

A Maseko anangotembenuza mutu pang'onopang'ono kuloza kwa ine, ndipo aphunzitsi, ophika ndi ana onse anatembenuza yawo. Sarijento anafunsanso za lamulo losatsegula chitseko, mitu inatembenukira komweko. La nyimbo, komweko. Sarijento anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumene kunathera buluku. Kenaka ananena mawu ochepa, asilikali ake n'kuphulika nako kuseka, ndipo anayamba kukwera kamiyawo.

Ndinamugwira sipayo pamkono. "Achimwene, akuti bwanji?"

"Akuti ukhale. Akuti iwe sungakhale wa anyamata a m'tchire, ndipo ngati uli wawo, akuti akusiyire dala kuti uziwakonzera dongosolo."

Kamiyawo itangozimiririka, kuseka kumene ana anakusunga kunatuluka konse pamodzi. Mayi wina wophika anandiponyera chitenje chake osandiyang'ana. Ndikudzikulunga, kamphepo kotsiriza ka mvula ija kanadutsa, ndipo tonse tinamva kwe, kwe, phaa! Lata lija linatukuka, linaima chilili, n'kuuluka kukagwera m'khonje. Loyandikana nalo, limene linalibe vuto chiyambire, linatsala lili gwa, lodzaza misomali yanga.

A Diretori anafika madzulo, matope mpaka m'mawondo, atadikira mtsinje kuti uphwe. Anamva nkhani yonse ataima pamagalasi a zenera lawo, nyundo yanga ili pa tebulo. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ana oyendera anaoloka madzi asanadzaze. Ndinati anaoloka onse. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zenera tikambirana mawa. Ndinayesa kunena kuti ndaganiza zoonjezera lamulo lina, lakuti wochotsa makwerero aziyamba wayang'ana kumwamba. Anakweza dzanja.

"Kapitawo, malamulo akwana."

Mpaka a Maseko anamwalira, sindinadziwe ngati tsiku lija anandiona kapena ayi. Ndinawafunsapo kamodzi tikukonza ngalande, ndipo anangoti chiguduli chinali kumaso. Koma pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono.

Munthu wanzeru akanafafaniza lamulo la makwerero tsiku lomwelo n'kukapepesa kwa mkulu amene anamukalipira pagulu. Kupepesa ndinapepesa, ndi nkhuku. Koma lamulo ndinalisiya, chifukwa kulichotsa kukanakhala kuvomera pamaso pa sukulu yonse kuti linali lolakwika. Ndiye kuyambira m'mawa mwake, pokakhoma lata lija, mpaka Apwitikizi ananyamuka, nthawi iliyonse ndikakwera padenga ndinkamanga chingwe, nsonga ina kumakwerero, ina m'chiuno mwanga. A Maseko ankabwera n'kuima pansi, manja kumbuyo, kuyang'ana makwerero, kuyang'ana chingwe, ndipo ine pamwambapo ndinkakhoma ndi dzanja limodzi, linalo litagwira denga zolimba.